Pano ndi Panga!

Mwa mbalame zonse za ku Ulaya, imene imandipatsa maganizo kwambiri ndi robin, kambalame ka chifuwa chofiira kokhala m'nkhalango ndi m'minda. Nkochepa zedi, kolemera pafupifupi magalamu 20 basi. Ku Britain kanazolowera anthu: wina akamagaula m'munda, iko kamatera pafupi kudikira nyongolotsi. Kamaimba ngakhale m'nyengo yachisanu, mbalame zambiri zitangoti zii.

Komatu musanyengeke nayo nyimboyo. Tanthauzo lake nlakuti, "Pano ndi panga!" M'chisanu robin yaikazi yomwe imaimba poteteza dera lake. David Lack, mphunzitsi amene anatulutsa buku la The Life of the Robin mu 1943, anaona kuti robin imajompha mwaukali ngakhale nthenga zofiira chabe zomangidwa pamtengo. Ana ake amakhala amawangamawanga, ndipo chifuwa chimafiira akasinkhuka.

Mwina inu munganene kuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Ine sindikaweruza choncho. Chisanu chikafika tizilombo timasowa, ndipo robin yopanda dera ingathe kufa ndi njala. Nyimbo yokomayo ndi mpanda wotchinga chakudya chake.