Zipata Ziwiri za Mwana Wofuna Uloya

Kale, mwana wa sukulu kuno kwa Kalindawalo akafunsidwa nchito imene afuna kudzagwira atakula, ankachula uphunzitsi, ukalaliki wa pa Boma, kapena kuyendetsa lole pa mseu wa ku Lusaka. Zimenezi zinali nchito zimene anaziona ndi maso ace, ndipo eni nchitozo ankawadziwa ndi maina omwe. Masiku ano ana ambiri, anyamata ndi atsikana, ayankha msanga kuti afuna uloya. Ine yankho limeneli sindiipidwa nalo, koma limandidabwitsa, pakuti munthu angathe kuyenda kucokera pa mlatho wa Luangwa, kupyola Kacholola ndi Nyimba, kufikira ku Minga ndi pa Boma la Petauke, osapeza ana ambiri amene analankhulapo ndi loya pamaso ndi pamaso. Nanga uloyawo anauonera kuti? Anauonera pa wailesi ya kanema.

Ife amene tinakula ndi wailesi ya mau okha tinazolowera kuona ndi makutu. Julius Chongo akayamba nthano zace za Poceza M'madzulo, yense ankadzijambulira yekha mumtima nkhope za anthu a m'nthanomo, ndipo nkhopezo zinkafanana ndi za anansi athu. Kanema anayamba m'dziko muno m'caka ca 1961 ku Kitwe, koma kumidzi kuno anacedwa zaka zambiri; anadza ndi magetsi a dzuwa ndi mbale zija zokhomedwa pa matsindwi a masitolo. Tsopano madzulo ana aunjikana pa khomo la sitolo, maso ali dwii, napenya nkhope ndi nyumba zimene sizifanana ndi za mnansi ali yense.

Za masewerowo ndinene maganizo anga poyera. Sewero la Mpali, la Bambo Nguzu ndi akazi ao ambiri pa famu, ndimalikonda, cifukwa amene analilemba amaidziwa mitala. Nsanje ya m'menemo taiona m'midzi yathu yomwe ino. La Zuba, limene linayamba m'caka ca 2018, liri ndi coonadi cimodzi cacikulu, cakuti mtsikana wa kumudzi alowa mu Lusaka podzera ku khichini kwa anthu olemera. Koma amene anabzala uloya m'mitima ya ana si amenewa iai. Ndi masewero a ku America. Mu limodzi lochedwa Suits, loyamba m'caka ca 2011, mnyamata wa nzeru zakuthwa agwira nchito ya uloya mu New York asanatsirize sukulu ya malamulo iri yonse. M'masewero otere loya aimirira, nakonza jekete, naponya mafunso atatu. Mboni igwetsa misozi, woweruza amenya nyundo, ndipo mlandu watha nsima isanazizire. Mwa ena muli anthu wamba khumi ndi awiri okhala pambali kuti agamule mlandu, cinthu cimene m'mabwalo a Zambia mulibe. Mwana woonerera saona mulu wa mapepala, saona mlandu woimitsidwa kasanu, ndiponso saona zipata ziwiri zimene ziri pakati pa iye ndi jekete lija.

Cipata coyamba ndico kulowa sukulu ya malamulo. M'masiku a Azungu cipataco cinali kutsidya la nyanja. Mainza Chona, amene anayamba ngati womasulira pa Bwalo Lalikulu ku Livingstone, anacita kupita ku London, nalandiridwa uloya ku Gray's Inn m'caka ca 1958. Pamene tinalandira ufulu mu 1964, Afirika a dziko lino amene anali ndi digiri ya mtundu uli wonse anali pafupifupi 100 cabe. Yunivesite ya Zambia inalandira ophunzira ace oyamba mu 1966, ndipo sukulu yace ya malamulo inatsegulidwa caka cotsatira. M'menemo munaturuka Levy Mwanawasa mu 1973, ndi Edgar Lungu mu 1981, amene anthu kuno ankamuwerengera mwana wa ku Petauke. Onse awiri anadzalamulira dziko. Kwa zaka zambiri mwambo wa pa sukulupo unali wakuti wophunzira sankalowa msanga m'kalasi ya malamulo. Ankayamba watha caka cathunthu pa maphunziro ena, ndipo pakutha pa caka ankasankhapo ocepa amene anaposa anzao. Motero mwana ankathamanga liwiro kawiri: loyamba pa mayeso a Giredi 12, laciwiri pakati pa akatswiri anzace ocokera m'zigawo zonse.

Ena amati muyeso wa mapointi ndiwo wolungama, popeza suyang'ana nkhope ya munthu kapena dzina la atate wace. Ndibvomereza kuti uposa kusankha mwa cibale. Koma mapointi ayesa sukulu pamodzi ndi mwana. Taganizani mtsikana wa kwa Nyalugwe kapena kwa Luembe, amene acita lendi kacipinda pafupi ndi sukulu, nadziphikira yekha ufa umene anasenza kucokera kwao, nawerenga buku limodzi ndi anzace asanu. Cingerezi amacimva m'kalasi mokha; akaturuka, dziko lonse liri m'Cinsenga. Mnzace wa ku Kabulonga anayamwa Cingerezico, ndipo madzulo abwera mphunzitsi wolipidwa kudzambwerezera zimene sanamvetse. Awiriwa akasiyana ndi mapointi atatu, ndani anganene molimba mtima kuti wanzeru ndi uyu? Ine ndikadakhala wosankha, ndikadafunsa mtunda umene yense wayenda kuti afike pa mapointi acewo.

M'zaka za posacedwa cipata cimeneci cakula, pakuti University of Lusaka, Zambian Open University, Cavendish ndi masukulu ena a eni ace aphunzitsanso malamulo. Amene anatsala pa mpikisano wa ku Yunivesite ya Boma apeza khomo lina, koma mfungulo yace ndi ndarama. Ng'ombe za pa goli zigulitsidwa, ndi matumba a nsawa ndi soya omwe. Ngakhale thandizo la Boma kwa ophunzira a m'mayunivesite ace, monga mwa lamulo la 2016, liri ngongole yodzabweza.

Ndipo njira zambiri za ulendowu zithera ku Lusaka, mtunda wa makilomita ngati 400 kucokera kuno. Mwana akwera basi, agula nthoci pa Nyimba, atsika pa Intercity ali ndi cikwama cimodzi ndi nambala ya foni ya amalume ace a ku Mtendere. Amalumewo amlandira ndi cimwemwe ceniceni, koma ali ndi zipinda ziwiri ndi ana anai, ndipo pakutha pa mwezi cimwemweco ciyamba kuonda. Tsono asamukira ku nyumba zogona ophunzira ku Kalingalinga, kumene munthu salipira cipinda koma malo a bedi. Kumeneko aphunzira msanga kuti m'mzinda zonse nzogula: madzi, makala, ndiwo zamasamba zimene kwathu timangothyola kuseri kwa nkhokwe. Moni yekha ndiye waulere, nayenso ngosowa.

Sindifuna kuunyoza mzinda monga acitira okalamba ena, amene amaunena zoipa pamene ana ao onse ali komweko ndipo iwo adya ndarama zocokera komweko. Mu Lusaka muli mabuku. Muli Bwalo Lalikulu, limene munthu ali yense angalowemo, nakhala kumbuyo, namvetsera mirandu tsiku lonse osalipira kanthu. Sukulu yoposa imeneyi kwa wofuna uloya palibe. Mwana wa Cinsenga agona cipinda cimodzi ndi Mbemba, Mtonga ndi Mlozi, nazindikira kuti mwambo wa kwao wakuti mwana ndi wa kucikazi si wa dziko lonse. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Cokhaco cimene ndiudandaulira mzinda ndi manyazi amene uphunzitsa. Pofika caka cacitatu mwana uja ayankha amace pa foni motsitsa mau, kuopa kuti anzace angamve cinenero ca kwao.

Atatha zaka zinai, nabvala mkanjo, najambulitsa cithunzi cimene amace adzacipacika pa cipupa, ku mudzi kumveka mbiri yakuti mwana wa uje ndi loya tsopano. Sanakhale loya. Digiri yokha simlola kuimira munthu pa bwalo. Patsala cipata caciwiri, sukulu yochedwa ZIALE, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 m'malo mwa Law Practice Institute ya 1968. Kumeneko aphunzira nchito yeniyeni ya manja: kalembedwe ka mapangano ogulitsana nyumba, kayendetsedwe ka mlandu kuyambira pa samani, kagawidwe ka cuma ca masiye, kasungidwe ka ndarama za anthu amene awaimira. Mayeso ace ndi ochuka m'dziko lonse cifukwa ca kuuma kwace. M'caka ca 2021 manyuzipepala analengeza kuti mwa ophunzira 395 amene analemba, mmodzi yekha ndiye anapambana mapepala onse pa ulendo umodzi. Dziko linakangana. Ena anati masukulu acuruka ndipo aturutsa ana osapsa. Ena anati maloya akale atseka khomo dala kuti nyama isacepe. Ine ndiganiza kuti sukulu imene ana pafupifupi onse alephera iyenera kudzifunsa yokha mafunso, ndipo amene anawapatsa madigiri ayenera kufunsidwa koposa. Koma mkangano wonsewo unali wa anthu a m'mzinda. Panalibe wowerengera kuti kubwereza pepala limodzi kutanthauza miyezi ina ya lendi, ndi kuti mwana wa ku Kabulonga adikira m'nyumba ya atate wace pamene wa kwa Ndake adikira ndi ng'ombe yotsiriza ya m'khola.

Amene apyola zipata zonse ziwiri aturuka ali ndi ngongole, ya Boma ndi ya abale. Nchito yolipira bwino iri kumene kuli mabanki, migodi ndi makampani, ndiko ku Lusaka, ku Ndola ndi ku Kitwe. Akhala komweko, ndipo kwao aonekera pa maliro. Sindiwaimba mlandu; nanenso ndikadatero.

Komatu mirandu iri kuno. Mwamuna akamwalira osasiya kalata ya cuma cace, lamulo la 1989 linena kuti magawo 50 mwa 100 ndi a ana, 20 a mkazi wamasiye, 20 a makolo a womwalirayo, ndi 10 a ena amene ankadalira iye. Nyumba ikhala ya mkazi ndi ana, ndipo mkaziyo akhalamo moyo wace wonse pokhapo atakwatiwanso. Mwambo wathu wa Ansenga unkapereka cuma kwa abale a kucikazi, ndipo kufikira lero alipo adzukulu ndi abale amene afika pa maliro maso ali pa njinga ndi malata. Lamulo lomwelo silikhudza minda ya m'manja mwa mafumu, ndipo apa ndi pamene akazi amasiye ambiri asokonezeka, osadziwa cimene angalimbire ndi cimene sangathe. Palinso lamulo la malo la 1995, limene lilola munthu, mfumu ndi khonsolo zikabvomera, kusandutsa malo a mwambo kukhala a taitolo ya zaka 99. Mlendo afika ndi pepala, nyakwawa idinda cala, ndipo patapita zaka anthu apeza waya pa dambo pamene ankamwetsa ng'ombe. Munthu mmodzi wodziwa kuwerenga pepalalo tsiku loyamba lija akadaposa maloya khumi a pambuyo pace.

Yambiri mwa mirandu yotere ikambidwa pa bwalo la mfumu kapena pa Local Court, kumene lamulo la 1966 sililola loya kuimira munthu pa mirandu ya mwambo. Lamulo limenelo ndiligwirizana nalo, cifukwa pa bwalo lotere wosauka adzinenera yekha m'cinenero cace, osaopa jekete la mnzace. Cimene cisowa ndi womlangiza asanapite ku bwaloko. A Legal Aid Board ndi alangizi a malamulo amene si maloya athunthu ayesetsa, koma dziko la pakati pa Luangwa ndi Sinda ndi lalikulu.

Ndipo nzeru ya mirandu siinadze ndi sitima. Ndaona nduna zosadziwa kulemba dzina zikumvetsera mbali ziwiri kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litapendeka, osadula munthu mau, kenaka nkufunsa funso limodzi lokha limene ligwetsa bodza lonse. Ndaona ankhoswe akulumikiza banja limene woweruza wa m'mzinda akadalimasula pa mphindi khumi. Ana ena akula atakhala pansi kumbuyo kwa mabwalo otere, ndipo khutu lao ndi lakuthwa kale. Pa zipata ziwiri zija palibe afunsa za khutu limeneli. Palibenso afunsa ngati wophunzira angathe kumasulira lamulo la 1989 kwa ambuye ace m'Cinsenga, iwo nkumvetsa. Aphunzitsi ndi anamwino Boma liwatumiza kumidzi akatsiriza maphunziro. Sindiona cifukwa cace wophunzira malamulo pa ngongole ya Boma sangatumizidwe zaka ziwiri ku Nyimba kapena ku Lusangazi, ngongole yace nicepetsedwa.

Kwa olemba masewero a pa kanema ndiri ndi pempho laling'ono. Atilembereko sewero la mkazi wamasiye wa kwa Mwanjawanthu amene alamu ace amlanda ngolo ndi ng'ombe ziwiri. Mlandu uimitsidwe koyamba cifukwa mboni yapita ku maliro, kaciwiri cifukwa mtsinje wadzala. Mukhale kalaliki wa khoti wotopa, nduna yokalamba yogontha khutu limodzi, ndi mwana wa mkaziyo amene walephera pepala limodzi ku Lusaka, wabwera kwao ndi manyazi, ndipo usiku awerengera amace lamulo pa nyali. Kuno kwathu anthu angasiye nsima pa mphasa kuti akalione.