Zoona, koma sizinali zathu kulengeza

Pa kapela yathu tili ndi mwambo wowerenga maina a odwala Lamulungu lililonse, kuti mpingo uwapempherere. Tsiku lina, titacezera mai wina kunyumba kwake, anatiuza motsitsa mau kuti kucipatala anamupeza ndi kacilombo ka HIV ndipo wayamba kumwa mankhwala. Lamulungu lotsatira tinachula dzina lake, ndipo pofuna kuti anthu apemphere mocokera pansi pa mtima, tinachulanso nthendayo. Sabata isanathe nkhani inali itafika pamjigo ndi kucigayo, wina n'kuiika pa gulu la WhatsApp pamodzi ndi cithunzi cake. Ogula zitumbuwa zake anayamba kulambalala, ndipo iye anasiya kubwera ku Misa.

Poyamba tinadzikhululukira tokha: kodi tinanama? Sitinaname. Koma malamulo a dziko lathu safunsa funso limenelo lokha. Constituição ya 2004, pa artigo 41, imapatsa nzika iliyonse ufulu wa ulemu, mbiri yabwino ndi kusungiridwa za moyo wake wamseri. Código Civil ya 1966, imene ikugwirabe nchito m'Moçambique, pa artigo 80 imalamula aliyense kusunga cinsinsi pa za m'kati mwa moyo wa mnzake. Kukula kwa cinsinsico kumayezedwa ndi mtundu wa nkhani ndi udindo wa munthuyo. Za nduna ya boma anthu angafunse zambiri. Za magazi a mai wogulitsa zitumbuwa, ayi. Artigo 79 imaletsanso kufalitsa cithunzi ca munthu iye asanalole, kupatula pa zifukwa zocepa zimene lamulo lachula.

Wolakwiridwa sasiyidwa manja lende. Artigo 70 imamulola kupempha bwalo la milandu kuti liletse colakwaco kapena licepetse zotsatira zake. Artigo 483 imati wophwanya ufulu wa wina, mwadala kapena mosasamala, alipire zoonongeka, ndipo artigo 496 imawerengera ngakhale zimene zilibe mtengo pamsika, monga manyazi ndi kusweka mtima, zikakhala zazikulu. Kusasamala kunali kwathu ndithu. Cifundo cimene tinali naco sicikanatipulumutsa pamaso pa woweruza.

Mpingo nawonso sunatisiye osadziwa. Kanoni 220 imaletsa kuphwanya ufulu wa munthu wosunga zinsinsi zake. Katekisimu, pa nambala 2477, imati n'kulakwa kuulula zofooka za wina kwa osazidziwa popanda cifukwa cokwanira, ndipo pa 2487 imafuna kuti wolakwa akonze cimene waononga. Ife amene timaphunzitsa ana lamulo lacisanu ndi citatu tinali titaliwerenga ngati lonena za bodza lokha.

Mai uja sanatisumire. Tinapita kukapepesa, ndipo anatimvera ali cete, akutongola cimanga. Pomaliza anatifunsa kuti mau athuwo tikawatola bwanji m'makutu a mudzi wonse. Tinasowa coyankha.

Lero, tisanalembe wodwala pa mndandanda, timamufunsa zinthu ziwiri: kodi tichule dzina lanu, nanga tinene ciani? Ambiri amalola dzina lokha, ena amakana zonse, ndipo timawapempherera monga «m'bale wathu wina». Mai uja anabwerera patapita miyezi, koma amakhala pa benchi yakumbuyo, ndipo sanatiuzenso kanthu kalikonse ka m'nyumba mwake.