NKHALANGO YA PAKATI PA LIKULU

Ambiri a ife tikapita ku Lilongwe timangotsika basi, kugula zimene tadzera, n'kubwerera kwathu dzuwa lisanapendeke. Ifenso tinali otero kufikira mwezi wathawu, pamene tinaperekeza ana a sukulu kukaona likulu la dziko lathu mosathamanga.

Tinayambira ku Old Town, kumene mzindawu unabadwira. Ana anazizwa pakumva kuti dzina lakuti Lilongwe ndi la mtsinje, ndi kuti pamene Atsamunda anakhazikitsa boma pano cha mu 1904, derali linali la mfumu Njewa. Fodya wa m'midzi yozungulira ndiponso msewu wopita ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, ndizo zinakopa amalonda. Kufikira lero kumeneku ndiko kuli msika waukulu, masitolo a Amwenye ndi piringupiringu wa anthu. Koma titaima pa mlatho wa Lilongwe, mitima yathu inagwa, pakuti madzi anali akuda ndipo m'mphepete munadzala mapulasitiki.

Kuchokera apo tinalowera kumpoto, ku City Centre, mzinda watsopano umene unamangidwa kuti likulu lichoke ku Zomba, monga zinachitikira mu 1975. Tinaona maofesi a boma pa Capital Hill, Nyumba ya Malamulo imene inatsegulidwa mu 2010, ndi chiliza cha Dr. H. Kamuzu Banda, amene anatisiya mu 1997. Tinadutsanso ku Area 10, 12 ndi 43, kumene nyumba zili patalipatali, m'mipanda ya njerwa ndi m'mithunzi ya mitengo. Mlendo asanyengeke ndi manambalawa, chifukwa sanaikidwe motsata kuyandikana kwa malo.

Komatu chimene tikufuna kukusimbirani, awerengi okondedwa, ndi malo amene ambiri amangowapitirira pa minibasi. Pakati pa Old Town ndi City Centre, amene anajambula mzindawu anasiya dala nkhalango yachilengedwe m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi. Titangolowamo, phokoso la magalimoto linazimiririka. Tinayenda m'tinjira ta m'munsi mwa mitengo, apusi akudumpha pamwamba pathu, mbalame zikulira mbali zonse. M'nkhalangomu muli mbawala ndi agwape, mumtsinje muli ng'ona, ndipo usiku afisi amayendamo monga kale. Mulinso malo otchedwa Lilongwe Wildlife Centre, osamalirako nyama zovulala, zamasiye ndi zolandidwa kwa ozigulitsa mozemba.

Mtsikana wina wa Sitandade 6 anatifunsa, “Aphunzitsi, kodi kwathu kunalinso chonchi?” Tinasowa poyambira. Tinakumbukira kuti pa ubwana wathu tinkatola masuku ndi bowa kuseri kwa mudzi, pamene lero pali mbee. Amene anatha mitengoyo si alendo ayi, ndi ife tomwe, ndi nkhwangwa zathu.

Tsono nkhaniyi si ya kukongola kokha. Mtsinje wa Lilongwe umachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, ndipo madzi amene mzinda umamwa amasungidwa m'madamu a Kamuzu ku Malingunde. Makala ambiri ophikira m'tauni amachokera ku Dzalanyama komweko. Chotero wogula thumba la makala ku Old Town ndi wotsegula mpopi ku Area 43 ali m'bwato limodzi: nkhalango ikatha, onse adzasowa madzi.

Pa Genesis 2:15 timawerenga kuti munthu anapatsidwa ntchito ziwiri m'munda muja, kulima ndi kusunga. Yoyambayo taigwira ndi mphamvu; yachiwiriyo taiiwala. Mukadzapita ku Lilongwe, patulani maola awiri, tengani ana anu, mukaone nkhalango ya Lingadzi. Ife pobwerera tinapangana ndi ana aja kuti mvula ikagwa, aliyense adzabzala mtengo umodzi pa bwalo la tchalitchi ndi kuuthirira kufikira utagwira.