Sipika Imodzi Yaikulu Kapena Ziwiri Zocheperapo?

Pa Chezi, m'mbali mwa msewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Salima, ukwati wopanda zoimbira suoneka ngati ukwati. Kale ng'oma monga gunda ndi mbalule ndizo zinkaitana anthu a kutsidya, koma lero ntchitoyo ili m'manja mwa sipika za besi, zija zogunda mpaka m'chifuwa. Choncho mnyamata amene wagulitsa fodya wake n'cholinga choyamba kubwereketsa zoimbira amakumana ndi funso lovuta: agule sipika imodzi ya mawati 1,000 kapena ziwiri za mawati 500 iliyonse?

Ambiri amakopeka ndi yaikuluyo chifukwa imapatsa ulemu pabwalo, ndipo kawirikawiri imatulutsa bwino mawu akuya kwambiri. Komatu nambala yolembedwa pabokosi imanyenga. Kuwirikiza mawati kumangoonjezera madesibelo 3, pamene khutu limafuna madesibelo pafupifupi 10 kuti limve ngati phokoso lawirikiza. Ndiponso ziwiri zija zikasanjidwa pamodzi zimakankha mpweya mothandizana, ndipo mphamvu yake siichepera ya imodzi ija.

M'holo ya tchalitchi nkhani imakula. Funde la mawu a besi ndi lalitali: lonjenjemera ka 50 pa sekondi limatalika pafupifupi mamita 7. Likagunda khoma limabwerera n'kukumana ndi linzake, kotero kuti pakona pena mawu amagonthetsa m'kutu pamene pakati samveka n'komwe. Sipika ziwiri zoikidwa malo osiyana zimachepetsa vutoli.

Nanga mayendedwe? Midzi ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi ili ndi njira za zitunda, zoterera m'dzinja. Chibokosi chachikulu chimalira galimoto ndi amuna angapo ochinyamula, pamene zing'onozing'ono zimakwera ngolo mosavuta.

Koma mfundo yoposa zonse ndi ya nthawi ya perekaniperekani. Ndalama zoyambira banja latsopano zimaponyedwa anthu akuvina. Sipika imodziyo ikapsa, bwalo limangoti zii, manja amabwerera m'matumba, ankhoswe amazyolika ndi manyazi, ndipo mwini zoimbira saitanidwanso m'dera lonselo. Wa ziwiri, ina ikapsa, inzake imakoka mwambo mpaka dzuwa kulowa.

N'zoona kuti ziwiri zimafuna mawaya ambiri ndi chisamaliro chochuluka. Komabe akuluakulu sananame ponena kuti mutu umodzi susenza denga. Wobwereketsa zoimbira amadyera kukhulupirika kwake, ndipo mnyamata wanzeru amasankha zimene sizidzamusiya pamanyazi tsiku la chisangalalo cha eni ake.