Mmene Ndinakonzera Pansi pa Nyumba ya Atate

Nyumba imene ndikhalamo lero, kwathu ku Dedza, anaimanga ndi atate anga m'chaka cha 1967, atabwerako ku migodi ya ku Johannesburg kumene anapita ndi Wenela. Njerwa anaumba ndi kuotcha okha, pamwamba anafolera malata, ndipo pansi anaikapo simenti ndi manja awo. Ichi chinali chachilendo pamudzi pathu, pakuti nyumba zina zonse zinali zozira ndi dothi. Pakati pa nyumbayo pali kanjira kochokera pabalaza kunka ku khomo la kuseri, kodutsa pa zitseko za zipinda zogona. Kanjira kotere anthu amati kolido. Pa khomo la chipinda chawo, simenti isanaume, atate analemba chakacho ndi msomali.

Atate anatisiya kalekale. Pamene ndinaleka ntchito ya m'tauni mu 2019 ndi kubwerera kumudzi kudzasamala amayi, ndinapeza nyumba itakalamba. Denga ndinalikonza, makoma ndinapaka laimu, koma mu kolido ndi mmene munaipa koposa. Pena panatukumuka, pena panalowa pansi ngati mbale, ndipo ming'alu inayenda uku ndi uku. Munthu akagogodapo ndi ndodo, pankalira ngati ng'oma. Chitseko chimodzi chinkakhula pansi potsegula.

Poyamba ndinachita zaulesi. Ndinagula simenti pang'ono, ndi kumata maenje ndi ming'alu, ndipo ndinadzitama kuti ntchito yatha. Dzinja limodzi lokha linakwanira kundichititsa manyazi. Zomata zonse zinasweka, ndipo m'mphepete mwake munatsala mano akuthwa. Usiku wina m'mwezi wa June 2021 amayi, amene maso awo anali atayamba kufooka, anapunthwa pamenepo popita panja, nagwa, nathyoka mkono. Anakhala masabata 6 ali ndi chikhakha, osatha ngakhale kudziphikira phala.

Tsono ndinawauza kuti ndifuna kuswa pansi ponse ndi kuyamba mwatsopano. Iwo anakhala chete kanthawi, nati, "Mwana wanga, atate ako anagwada pamenepa masiku atatu. Zovala zawo zinatha, njinga yawo inatha. Ukaswa apa, nditsala ndi chiyani chimene anagwira ndi manja awo? Leka, ndiziyenda mosamala."

Mawu amenewa anandilasa mtima, ndipo ndinakhala masiku osagona bwino. Komabe ndinadziwa kuti munthu wokalamba akagwa nathyoka fupa la m'chiuno, kawirikawiri sayendanso. Pokumbukira kuti safunsa anadya phula, ndinapita kwa atsibweni anga, amene anali mmisiri womanga pa unyamata wawo. Iwo anadza, nayenda mu kolido monse akugogoda ndi ndodo yawo. Kwa ine anati, "Mphwanga, matenda sali pamwamba ayi. Iwe unamata chilonda mafinya ali m'kati." Ndipo kwa amayi anati, "Alongo anga, alamu anamanga nyumba iyi kuti ikusungeni, osati kuti ikuthyoleni mafupa." Pamenepo amayi anavomera, koma anapempha chinthu chimodzi, kuti pamene panalembedwa chaka pasawonongeke.

Tinayamba ntchito mu August, mvula ili kutali. Choyamba ndinasema mozungulira malembo aja ndi tchizulo, pang'onopang'ono, ndi kunyamula chidutswacho chamoyo. Kenaka tinaswa ponse ndi piki ndi nyundo. Zimene tinaona pansi zinandiphunzitsa zambiri. Simenti ya atate inali yopyapyala ngati kunenepa kwa chala, ndipo inagona padothi penipeni, popanda miyala pansi pake. Madzi ogwa padenga ankalowa m'tsinde mwa khoma la kuseri, dothi losatsindirika nkumatitimira. Nacho chiswe chinali chitatuta dothi lina, nkusiya mphanga zoti mkono nkulowa. Atate sindiwaimba mlandu, pakuti simenti inali yodula, ndipo ntchito yawo inapirira zaka zoposa 50.

Kolido yathu ndi yotalika mamita 6, ndipo m'lifupi mwake ndi mita 1 ndi pang'ono. Tinakumba masentimita 25 kufikira titapeza nthaka yolimba, tinagumula njira za chiswe, ndi kuthiramo mankhwala ake monga mwa malangizo olembedwa pabotolo. M'dzenjemo tinayala zidutswa za njerwa zootcha, osati zonse nthawi imodzi ayi, koma pang'ono, nkutsindira ndi chipika cholemera monga asinjira ndi munsi, nkuwonjezanso zina. Pamwamba pake tinawaza mchenga, ndi kuyala pepala lakuda la pulasitiki kuti chinyontho cha m'nthaka chisakwere.

Chimene ndinkaopa koposa ndicho kulinganiza, pakuti diso limanyenga. Atsibweni anandionetsa nzeru yosafuna ndalama zambiri. Anatenga paipi yaitali yoonekera m'kati, naidzaza madzi. Madzi ali ndi khalidwe lakuti kunsonga zonse ziwiri za paipi amaima pa msinkhu umodzi, ngakhale paipiyo itapindika chotani. Tinayesa mita 1 kuchokera pansi pa pabalaza, ndi kulemba chizindikiro pakhoma. Iwo anagwira nsonga imodzi pa chizindikirocho, ine nkumayenda ndi inzake, nkumalemba pamene madzi aima. Pa chizindikiro chilichonse tinatsikanso mita 1, ndi kukhoma chikhomo chosonyeza pamene simenti idzalekezere.

Konkire tinasakaniza chotere: ndowa 1 ya simenti, ndowa 2 za mchenga wa kumtsinje wopanda dothi, ndi ndowa 4 za miyala yoswa. Madzi tinathira ochepa, pakuti konkire yamadzimadzi imayalika msanga koma imakhala yofooka. Mkazi wanga ndi ana ankatunga madzi, mnyamata wina wa pamudzi ankayendetsa wilibala, atsibweni atakhala pampando akudzudzula. Tinayala masentimita 8. M'mawa mwake tinaikapo masentimita 2 a simenti yosalazira, ndowa 1 ya simenti pa ndowa 3 za mchenga wosefa, nkukoka thabwa lowongoka pamwamba pa zikhomo, nkumazizula ndi kutseka mabowo ake. Pa khomo la chipinda cha amayi ndinabwezerapo chidutswa chija, ndi kuchikanikiza kufikira chitalingana ndi ponse. Tinatha matumba 5 a simenti, lililonse la makilogalamu 50.

Ine ndinayesa kuti chatsala ndi kudikira kuti paume. Atsibweni anaseka, nandiuza kuti simenti imalimba pomwa madzi, ndipo ikauma msanga imang'aluka. Motero tinafunditsa masaka onyowa ndi kuthirira m'mawa ndi madzulo masiku 7. Mphamvu yake yeniyeni imakwana patapita masiku ngati 28. Masiku amenewo amayi ankagona pabalaza, ife nkumayenda pamatabwa osanjika panjerwa. Kunja ndinakumba ngalande kuti madzi a padenga azithawa khoma, pakuti ndikanapanda kutero matenda aja akanabweranso.

Tsiku lochotsa masaka amayi anavula nsapato, nayenda mu kolido monse akukwekwesa mapazi, kufunafuna popunthwitsa, koma osapapeza. Atafika pa khomo lawo anawerama, napapasa manambala aja ndi chala. Sanathokoze ndi mawu ambiri ayi. Anangotsegula chitseko, nachitsekanso, nati, "Chaleka kulira."

Madzinja angapo apita, ndipo mng'alu sunaonekebe. Inu anzanga amene mukhala m'nyumba zakale za makolo, tengani ndodo mugogode pansi. Mukamva kulira kwa ng'oma, musataye simenti yanu pomata pamwamba monga ndinachitira ine, koma funsani odziwa, ndipo kumbani muone chimene chili pansi. Ine ndinadikira kufikira amayi atathyoka mkono, ndipo chimenechi chimandiwawabe mumtima.