Tavula zakuda, koma citundu ca Nanay sitinasunge

Sabata yatha tinavula zovala zakuda. Ku Philippines, kwao kwa amai athu, caka cikakwana munthu atamwalila, acibale amasonkhana, amapemphela, amadyela pamodzi, ndipo malilo amathela pamenepo. Mwambo umenewu amauchula kuti babang luksa. Ife tinaucitila ku Kabwata, m'nyumba imene tinakulilamo, tili atatu, atate ali phee pa mpando wao.

Tinali kuwaitana kuti Nanay, monga mmene ana a kwao amaitanila amai ao. Anacokela pa cilumba ca Leyte, pafupi na mzinda wa Tacloban. Anabwela kuno akali mtsikana kudzagwila nchito ya unesi kwa zaka ziwili cabe. Anakumana na atate, ndipo zaka ziwili zija zinapitilila 30.

Anali kukonda kukamba kuti mtima wao unakhala pansi tsiku limene anapeza kalembula ku Soweto Market, cifukwa kwao nakonso amadya masamba a kandolo. Kapenta anali kukazinga mpaka kuuma, n'kudya na mpunga m'mamawa. Nsima inawavuta poyamba, alamu ao anawaseka, koma anaiphunzila. Akaphika adobo, nkhuku ya viniga, soya sosi na galiki, ana a maneba anali kupeza cifukwa cobwelela kwathu. Palibe amene anabwelela na njala.

Koma tiyeni tikambe zoona. Tinali kucita nao manyazi. Kusukulu anzathu anali kutiitana "ana a muChaina", ndipo ife, m'malo mowauza kuti Philippines ni dziko lina, tinapempha Nanay kuti aleke kutipelekeza pa geti. Akatikambitsa m'Ciwaray, citundu ca kwao, tinali kuyankha m'Cinyanja kapena m'cizungu. Tinalekanso mano, ulemu uja wotenga dzanja la wamkulu n'kuliika pa mphumi. Sanatikalipile. Anangoleka kutambasula dzanja.

Pa 8 November 2013 cimphepo ca Haiyan, cimene kwao amaciti Yolanda, cinagwetsa Tacloban. Anthu oposa 6,000 anafa m'dziko muja. Mafoni sanali kulowa. Kwa sabata yathunthu Nanay anali kupita ku nchito, kubwela, n'kukhala pa TV na kolona m'manja. Foni italila, anamva kuti mng'ono wao, Tita wathu, ali moyo, koma mlongosi wao sanapezeke. Analila mokweza, akukamba mau ambili, ndipo ife ana ao tinakhala pambali monga alendo. Sitinamve olo liu limodzi. Sitinadziwe ngati apemphela, aitana amalume, kapena atipempha kanthu.

Usiku umenewo tinalonjezana kuti tidzaphunzila. Koma kunabwela mayeso, kunabwela nchito, mmodzi wa ife anakwatiwa. Tinali kungoti mailo, mailo, mpaka caka catha matenda anawatenga.

Acibale a ku Leyte anafuna kuti thupi lipite kwao. Atate anawauza zimene Nanay anakambilatu, kuti adzagona kumene kuli ana ao. Tinawaika ku Leopards Hill. Pambuyo pake tinacita pasiyam, mapemphelo a masiku 9. Azimai a ku chalichi anadzaza nyumba na nyimbo za Cinyanja, ndipo Tita anali nafe pa vidiyo ya Messenger. Kwao nthawi ili patsogolo na maola 6, ndiye ife tikayamba madzulo, iwo kunali pakati pa usiku. Sanaphonye tsiku olo limodzi.

Tsiku lothela Tita anatifunsa m'cizungu kuti Nanay anatiphunzitsa mau ati. Tinayang'anana. Tinali na "salamat" cabe, kutanthauza zikomo.

Manje Sondo iliyonse Tita amatitumila voisi noti ya mau asanu, ife timalemba m'kabuku. Tafika pa "maupay nga aga", moni wa m'mamawa. Lilime limakana, Tita amaseka mpaka kutsokomola. Ngati amai ako akali moyo ndipo amakukambitsa m'Cinsenga, m'Citumbuka kapena m'Cilozi, iwe n'kuyankha m'cizungu, tikudziwa mmene zimayambila. Ife tikuphunzila kwa munthu ali kutali, pa bando ya intaneti, zimene tikanaphunzila mahala m'khichini.

Titatsiliza kudya tsiku lija, mwana wa mlongosi wathu, wa zaka zinai, anapita kwa ambuye ake, n'kutenga dzanja lao n'kuliika pa mphumi. Anaonela kwa ana a Tita pa foni. Atate anatulukila panja, ndipo anakhalako nthawi yaitali.