Kabuku ka Mphunzitsi wa ku Madisi

Pa mseu waukulu wochokera ku Lilongwe kunka ku Kasungu, munthu akapitirira Mponela amafika pa Madisi. Kum'mawa kwake kuli mapiri a Ntchisi, ndipo anthu a kumeneko ndiwo alimi a fodya, chimanga ndi mtedza. M'mudzi wina wa kufupi ndi pamenepo munabadwa mwana amene atakula anakhala mphunzitsi wa Chichewa pa Yunivesite ku Zomba.

Iyeyu sanali kuyamba maphunziro ndi mabuku a anthu ena ai. Anali kuuza ophunzira ake kuti yense agule kabuku, nalembemo mau amene anawamva ali mwana: mau a pamtondo, a kudimba, a pamaliro, ngakhale mau amene amai ao anali kupirikitsira mbuzi pa ufa woyanika. Ena anaseka, nati, "Kodi tinadzera zimenezi kuno?" Koma iye anati moyo wa munthu ndiwo chitsime choyamba chotungapo chinenero.

Njira imeneyi siinayambe ndi iye. Buku lotchedwa A Grammar of Chichewa, limene linatuluka m'chaka cha 1937, analilemba Mark Hanna Watkins ku Chicago, m'dziko la America. Mau a m'bukumo sanawatole m'midzi ya kuno, koma anawamva pakamwa pa munthu wa ku Kasungu amene anali kuphunzira komweko, ndiye Hastings Kamuzu Banda. Zimene munthu mmodzi anakumbukira ali kutali ndi kwao zinakwanira kubala buku lathunthu. Komatu pali chochenjera nacho. Chichewa chitasankhidwa kukhala chinenero cha dziko m'chaka cha 1968, Banda yemweyo anali kudzudzula kalankhulidwe ka anthu, nayesa mau ao ndi Chichewa cha pa ubwana wake. Chifukwa chake mphunzitsi uja analamula kuti liu lililonse la m'kabuku likafunsidwenso kwa akuluakulu a kumudzi, monga anachitira Samuel Ntara, mphunzitsi wa m'boma lomweli la Dowa, polemba Mbiri ya Achewa.

Tsono iye mwini nayenso anali ndi kabuku kake. Analembamo za kusoka fodya ndi kumpachika m'chigafa. Analembamo liu lakuti kapitao, limene ali mwana analiyesa la makolo, osadziwa kuti linadza ndi Apwitikizi. Anatsata zaka zake chimodzichimodzi, kufikira chaka chimene anamtengera kudambwe. Pamenepo dzanja linathamanga, pakuti mau a kumeneko anali kuwakumbukira onse. Anadzaza masamba anai, ndipo anadziwa kuti akatswiri a maiko akutali adzawalandira ndi manja awiri, dzina lake nilidzamveka.

Pa tchuthi anakwera basi natsika pa Madisi. Madzulo anakhala pansi pa khonde la atsibweni ake, nayamba kuwawerengera. Za fodya zija nkhalambayo inakondwera nazo, nimkonzera mau awiri amene anawaphonya. Koma atafika pa masamba anai aja, atsibweni anakweza dzanja.

"Mphwanga, leka pomwepo. Amai ako ali kuseri kuno."

Iye anatsitsa mau nati, "Atsibweni, zimenezi si zobisikanso. Mzungu wina dzina lake Rangeley analemba za Nyau za m'boma la Kotakota kale m'chaka cha 1949. Ndiponso m'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linatama gule wamkulu pamaso pa maiko onse. Nanga ine ndili kungolemba za moyo wanga."

Nkhalamba inakhala chete nthawi yaitali, ili kufwenkha fodya wake. Pambuyo pake inati, "Mzunguyo anaima kunja kwa mpanda. Iwe unagula njira. Ndinakugwira dzanja ndine, ndipo nkhuku ndinapereka ndine. Uli kuti moyo wako. Kodi tsiku lija unali wekha kudambwe?"

Funso limeneli linamsowetsa tulo. Anali ataphunzitsa zaka zambiri kuti zimene munthu wakumbukira zikhoza kulakwika, ndipo mankhwala ake ndiwo kufunsa ena. Koma apa panalibe cholakwika ngakhale chimodzi. Mau onse anali oona, iye anali mboni yake, komabe eni ake anali ambiri, amoyo ndi akufa omwe. Anaganizanso za mbali inayo, ndipo siinali yopepuka: nkhalamba zili kutha, anyamata ali kunka ku Joni, ndipo mau osalembedwa amapita ndi eni ake kumanda.

M'mawa anatenga lumo nadula masamba anai aja bwinobwino, nawapereka kwa atsibweni ake. Iwo sanawaponye pamoto. Anawapinda nawaika m'kachikwama momwe anali kusungamo makadi a kuchipatala.

Atabwerera ku Zomba anaonetsa ophunzira kabukuko monga mwa masiku onse. Msungwana wina wa ku Ntchisi anaona pamene panadulidwa, nafunsa kuti, "Aphunzitsi, apa panali chiani?" Iye anayankha kuti panali mau amene akali kwa eni ake ku Madisi, natembenuza tsamba, nayamba kuwawerengera za chaka chimene anaphunzira kuyendetsa ngolo.